Achinyamata Oteteza Nyama ku Marromeu Amayamba ndi Kuyeza Madzi

Achinyamata ambiri a m'madistrito a m'malire, monga Angónia, Tsangano, Mutarara ndi Milange, akamva za ntchito yoteteza nyama zakuthengo amaganiza za yunifomu, jombo ndi mfuti paphewa. Ntchito imeneyo ilipodi, ndipo ndi ya afisikale amene amalondera nkhalango usiku ndi usana. Koma ku Marromeu, m'chigawo cha Sofala, kumene mtsinje wa Zambeze umagawikana mifuleni yambiri usanathire m'nyanja yamchere, wophunzira amene wangoyamba kumene ntchito kawirikawiri amapatsidwa zida zina: kope, pensulo, chingwe choyezera ndi malo m'bwato. Choyamba chimene amafunsidwa ndi ichi: kodi madzi afika pati lero, nanga dzulo anali pati?

Ena amakhumudwa nazo poyamba. Munthu waphunzira zaka zinayi ku yunivesite, makolo agulitsa mbuzi ndi matumba a mbatata kuti amalize, ndiye ntchito yake ikhale yowerenga manambala pa thabwa loimikidwa m'matope? Koma amene akhalitsa pa ntchitoyi amadziwa kuti njati za ku Marromeu sizidalira mfuti ya mlonda yokha. Zimadalira madzi. Ndipo madziwo masiku ano amatsegulidwa ndi kutsekedwa ndi anthu okhala kutali, ku Songo m'chigawo cha Tete.

Dambo la njati

Reserva ya Marromeu inakhazikitsidwa mu 1960, nthawi ya atsamunda Achipwitikizi, makamaka chifukwa cha njati. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,500, ndipo yazunguliridwa ndi malo osakirako nyama mwachilolezo otchedwa coutada, a nambala 10, 11, 12 ndi 14. Mkati mwake mulibe phiri. Ndi chigwa chathyathyathya cha udzu, bango, gumbwa ndi matamanda, ndipo chakunyanja kuli mitengo ya mangal yomera m'matope amchere. Munthu wa ku Ulónguè atafikako anganene kuti ndi dambo ngati la kwawo, kungoti dambo lake ndi losaoneka malire.

Kale mtsinje wa Zambeze unali ndi nyengo zake zodziwika. Madzi ankayamba kukwera mvula ikakhazikika, nafika pachimake mu Febuluwale ndi Malichi, n'kusefukira m'chigwa chonse. Kenaka ankaphwa pang'onopang'ono mpaka mtsinje kuchepa kwambiri mu Okutobala ndi Novembala. Nsomba monga mlamba ndi pende zinkatsatira madziwo kukaswana mu udzu womira. Madzi akabwerera ankasiya matope achonde. Pamenepo alimi ankabzala chimanga, nyemba ndi mbatata potsatira chinyontho, ndipo njati zinkapeza msipu wobiriwira ngakhale m'mwezi wotentha koposa. Chinanso n'chakuti kwa miyezi ingapo pa chaka chigwacho chinali chosalowereka ndi mapazi, choncho madzi ankalondera nyama kuposa mlonda aliyense.

Zinthu zinayamba kusintha pamene damu la Kariba linamalizidwa mu 1959, pakati pa mayiko amene lero ndi Zambia ndi Zimbabwe. Zinasinthiratu mu 1974 pamene damu la Cahora Bassa linatseka mtsinje. Ntchito ya madamu amenewa ndi kupanga magetsi, ndipo makina a magetsi amafuna madzi ofanana tsiku ndi tsiku. Motero madzi a dzinja amasungidwa, n'kumatulutsidwa pang'onopang'ono chaka chonse. Zotsatira zake kumunsi n'zakuti m'chilimwe mtsinje umakhala ndi madzi ochuluka kuposa kale, koma m'dzinja zaka zambiri sufika potuluka m'mbali mwake. Kuwonjezera apo, zipupa zadothi zotchinjiriza minda ya nzimbe ya ku Marromeu, pamodzi ndi mitumbira ya msewu ndi njanji, zinatseka kukamwa kwa mifuleni ina, monga ya Salone, imene inkapititsa madzi a Zambeze m'kati mwa dambo.

Chigwa chikauma, mitengo ya mgwalangwa, mvumo ndi minga imayamba kumera pamene kale panali udzu wokhawokha. Moto wa m'chilimwe umalusa kwambiri ndipo umalowa ngakhale m'gumbwa. Osaka nyama amayenda mosavuta chaka chonse.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, owerenga nyama ali m'ndege anapeza njati zoposa 45,000 m'chigwachi. Kenaka kunabwera nkhondo, ndipo nyama zinaphedwa zosawerengeka kuti zidyetse asilikali ndi kugulitsidwa. Pofika mu 1990 njati zinali zosakwana 4,000, ndipo mu 1994 zinali zosakwana 2,500. Chaka chimenecho n'chodziwika kwa anthu a m'malire, pakuti ndi nthawi imene mabanja ambiri anali kubwerera kuchokera ku misasa ya ku Malawi n'kupeza minda yawo itamera tchire. Nyama zinanso monga nakodzwe ndi mvuu zinali zitatsala zochepa zedi.

Wachinyamata ndi mbalame ya khosi loyera

Nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, dziko linali ndi akatswiri ochepa kwambiri a zachilengedwe. Mmodzi mwa achinyamata amene analowa ntchitoyi nthawi imeneyo ndi Carlos Bento, wa ku Museu de História Natural ya Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1990 iye anagwira ntchito ndi Richard Beilfuss, katswiri wa zamadzi wa bungwe la International Crane Foundation la ku America. Anauluka pamwamba pa chigwa, nayendanso pansi m'matope, kufunafuna mbalame imene pa Chipwitikizi imatchedwa grou-carunculado.

Mbalame imeneyi ndi yayitali pafupifupi msinkhu wa munthu. Msana wake ndi wotuwa, khosi ndi loyera, ndipo pansi pa chibwano pamalendewera tinyama tiwiri ngati tija timaoneka pakhosi pa mbuzi zina. Chakudya chake chachikulu ndi timizu tonenepa ta udzu wina wa m'madzi osaya, timene imafukula ndi mlomo m'matope ofewa. Imamanga chisa pakati pa madzi chigumula chikayamba kuphwa, ndipo ngakhale iikire mazira awiri imalera mwana mmodzi yekha. Madzi akapanda kubwera, timizu tija sitikula, nthaka imalimba ngati njerwa, ndipo chisa chimafikiridwa ndi moto kapena zilombo.

Wina angafunse kuti dziko longotuluka m'nkhondo, anthu ali ndi njala, linali ndi nthawi yanji yowerenga mbalame. Yankho lake lili m'zimene anapeza. Mbalamezi zinali kuswana makamaka chakumadzulo kwa chigwa, kufupi ndi zitunda za Cheringoma, kumene timitsinje tochokera m'nkhalango timasefukirabe m'nyengo yake chaka ndi chaka. Mbali zimene zinkadalira madzi a Zambeze zinali zitasiyidwa. Mbalameyo inali ngati mboni yosonyeza pamene dambo likadali lamoyo ndi pamene lafa, ndipo pamene lafa ndi pomwenso asodzi anali kudandaula za kuchepa kwa nsomba. Bento analemba kafukufukuyu pa maphunziro ake apamwamba ku University of Cape Town, amene anamaliza mu 2002.

Ntchito ngati imeneyi inathandiza kuti mu 2004 dera la Marromeu likhale loyamba m'dziko la Moçambique kulembedwa pansi pa pangano la Ramsar. Pangano limeneli linasainidwa mu 1971 mu mzinda wa Ramsar ku Iran, ndipo mayiko amalonjezana kusamala madambo ofunika. Nyanja ya Niassa, mbali ya Moçambique, inalembedwa nawo mu 2011.

Tsiku la woyeza madzi

Chida choyamba chimene wophunzira amazolowera ndi escala. Ili ndi thabwa kapena chitsulo chopakidwa utoto, cholembedwa masentimita, choimikidwa m'mbali mwa mtsinje kapena m'thamanda. Amawerenga pamene madzi alekeza n'kulemba nambala, tsiku ndi ola. Nthawi ya chigumula amawerenga kangapo pa tsiku. Pa mtsinje waukulu manambala otere amapita ku ARA, ofesi ya boma yoyang'anira madzi, ndipo ndi amene amamveka pa wailesi pochenjeza anthu. Ku Caia madzi akakwana mamita 5 pa escala, ndiye kuti afika pa mlingo wa chenjezo.

Ntchitoyi imaoneka yachibwana, koma ili ndi msampha wake. Tsiku lina mvula imagwa usiku wonse, njira imaterera, ndipo munthu amayesedwa kulemba nambala yam'mutu ali m'hema. Palibe angamugwire tsiku limenelo. Koma nambala yabodza ikalowa m'buku imakhala momwemo zaka makumi, ndipo wodzagwiritsa ntchito bukulo sadzadziwa kuti tsiku lija wolemba anaopa matope. N'chifukwa chake woyamba ntchito amaphunzitsidwa kuti kusiya mpata wopanda kanthu n'kwabwino kuposa kulemba chimene maso sanaone.

Palinso madzi osaoneka, a pansi pa nthaka. Mipope yopyapyala imakwiriridwa m'dambo, ndipo woyeza amatsitsamo chingwe kuti aone kuti madzi ali pakuya bwanji. Muyeso umenewu ndi umene umasonyeza ngati mizu ya udzu idzapeza chinyontho mu Okutobala. Chakunyanja amayeza mchere wa m'madzi, pakuti madzi a mtsinje akachepa mphamvu madzi amchere amakwera m'mifuleni n'kuwononga minda ya mpunga. Amayenda m'mizere yodziwika chaka ndi chaka kuwerenga timitengo ta mgwalangwa tatsopano. Amatsata malo opsa ndi moto pa zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, ndipo amaphunzira kusiyanitsa moto wozizira wotentha udzu ukadali wauwisi ndi moto wa mu Okutobala umene umapsereza mpaka mizu.

Mwayi wokwera ndege umabwera mwa apo ndi apo. Ndegeyo imauluka motsika m'mizere yowongoka, kubwerera ndi kupitanso, ndipo wowerenga amayang'ana pawindo kwa maola angapo, m'mimba mukutembenuka. Gulu lalikulu la njati siliwerengeka ndi maso, choncho limajambulidwa, n'kukawerengedwa imodzi imodzi pa kompyuta. Kuuluka kwa tsiku limodzi kumabala ntchito ya pa tebulo ya milungu ingapo.

Zovuta za thupi ndi zodziwika kwa aliyense wokhala kuchigwa: udzudzu ndi malungo, misundu yomata m'miyendo, likodzo, kashembe m'mphepete mwa nkhalango, ng'ona pa doko ndi mvuu pa njira ya bwato. M'dzinja galimoto silifika malo ambiri. Mwana wa kumapiri a Angónia, wozolowera chisanu cha mu Juni, amavutika kaye ndi kutentha kwa kumeneko.

Chovuta koposa ndi pamsonkhano

Komabe amene wayamba ntchito amazindikira msanga kuti matope savuta ngati kuima pamaso pa anthu. Midzi yozungulira reserva imakhalira usodzi, ulimi, uchi, bango lofolera ndi uchema wa mgwalangwa. Anthu ake amalankhula Chisena. Apa wolankhula Chichewa ali ndi mwayi, chifukwa zilankhulo ziwirizi ndi zapachibale ndipo pakangopita miyezi yochepa amamvana nawo popanda womasulira. Amaphunzira kuyamba ndi kulonjera amfumu asanatulutse kope lake. Amaphunziranso kuti msodzi wachikulire amadziwa mfuleni uliwonse, chaka chimene unauma ndi nsomba zimene zinasowa, ndipo kuti nzeru imeneyo palibe escala ingaipereke.

Pamsonkhano amafunsidwa za ng'ona imene inagwira mwana, za mvuu zimene zatha mpunga, ndi za ndalama. Lamulo la dziko limati magawo 20 pa 100 aliwonse a misonkho imene boma limalandira pa nkhalango ndi nyama azipita kwa anthu a m'deralo. Ndalamazo zikachedwa, wofunsidwa ndi iyeyo wachinyamata wobwera ndi kope, ngakhale sanazionepo.

Koma funso lolemera kwambiri ndi la chigumula. Akatswiri a dambo amati chigwa chikufuna madzi osefukira chaka ndi chaka. Nanga mawu amenewa anganenedwe bwanji kwa mayi amene nyumba yake inakokoloka? Anthu a ku Mutarara, Caia, Mopeia ndi Marromeu sanaiwale chigumula cha 1978, cha 2001, cha 2007 ndi cha 2008. Ambiri anasamutsidwira ku midzi yatsopano ya kumtunda, kutali ndi minda yawo yachonde.

Woyamba ntchito ayenera kumvetsa yekha kusiyana kwake asanafotokozere ena. Chigumula chakale chinkabwera m'nyengo yodziwika, madzi akukwera pang'onopang'ono, ndipo anthu ambiri anali ndi malo awiri, a kuchigwa ndi a kumtunda. Madamu atamangidwa panadutsa zaka zambiri popanda kusefukira, ndipo anthu anamanga nyumba zokhazikika m'zilumba ndi m'makwawa ouma. Koma madzi saiwala khwawa. Chaka cha mvula yambiri damu limadzaza, zitseko zimatsegulidwa, madzi a m'damu amakumana ndi a m'mitsinje ya kumunsi, ndipo amapeza anthu pa njira yake. Chimene akatswiri amapempha ndi chigumula chaching'ono, cholengezedwa nthawi ikadalipo, cha milungu yochepa m'nyengo yake yakale, chongokwanira kudzaza mifuleni ndi matamanda. Kumvetsa zimenezi pa pepala n'kosavuta. Kukhulupirira kuti chenjezo lidzafikadi pa chilumba chilichonse m'nthawi yake ndi nkhani ina, ndipo anthu amene amakayikira ali ndi zifukwa zawo.

Nkhaniyi inakambidwa pa msonkhano waukulu ku Songo mu 1997, ndipo yakhala ikubwerezedwa kuyambira pamenepo. Ofufuza anasonyeza kuti chigumula chokonzedwa chotere chingathandize nsomba za m'chigwa, msipu, ngakhalenso camarão wa m'nyanja ya ku Sofala amene amaleredwa m'mitengo ya mangal, ndi kuti magetsi otayika angakhale ochepa. Mbali inayo nayo ili ndi mfundo zake. Cahora Bassa imatha kupanga mamegawati 2,075, ambiri mwa iwo amagulitsidwa ku South Africa, ndipo kuyambira mu 2007 gawo lalikulu la kampani ya HCB lili m'manja mwa Moçambique. Madzi odutsa pa zitseko osalowa m'makina sabweretsa ndalama. Chilala cha 2024, chimene chinatsitsa kwambiri madzi ku Kariba ndi ku Cahora Bassa, chinakumbutsa oyendetsa madamu chifukwa chimene amaumirira dontho lililonse. Mpaka pano chigumula chokonzedwacho sichinakhale lamulo la chaka ndi chaka.

Madzi ochokera ku madambo a m'malire

Pali mbali ya nkhaniyi imene ikukhudza mwachindunji anthu a m'malire. Popeza madzi a kumtunda kwa Songo ndi omangidwa, madzi amene amakwezabe Zambeze m'nyengo yake amachokera kwambiri m'mitsinje yothira kumunsi kwa damu. Imeneyi ndi Luia, Revúbuè wochokera ku mapiri a Angónia amene amathira kufupi ndi mzinda wa Tete, Luenha wochokera ku Zimbabwe, ndi Shire wotuluka m'nyanja ya Niassa amene amakumana ndi Zambeze chakumunsi kwa Mutarara. Mvula yogwa pa munda wa ku Dómuè ikhoza kukathera pa msipu wa njati ku Marromeu.

Dambo la kumtunda limamwa madzi a dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, n'chifukwa chake zitsime ndi madimba amakhala ndi madzi m'chilimwe. Likakumbidwa ngalande zakuya pakati, ziweto zikaliponda mopitirira, mitengo ya m'mbali ikatha, madzi amathamanga tsiku limodzi, nasiya chigwembe, ndipo dimba limauma msanga. Mnyamata kapena mtsikana amene wakula akuthirira kabichi ndi tomato m'dimba, amene amadziwa mwezi umene chitsime cha kwawo chimayamba kutsika, wayamba kale kuphunzira zimene anzake a m'tauni amakaziona koyamba m'buku.

Makomo olowera

Njira zolowera ntchitoyi zachuluka poyerekeza ndi nthawi ya Carlos Bento. Malo otetezedwa a dziko amayang'aniridwa ndi bungwe la boma la ANAC, limene linakhazikitsidwa mu 2011. Maphunziro a zamoyo, zankhalango ndi zaulimi amapezeka ku Universidade Eduardo Mondlane, ku Universidade Lúrio ndi ku Universidade Zambeze, imene ili ndi nthambi ya zaulimi ku Ulónguè. Ku Parque Nacional da Gorongosa, kumene nyama zambiri zimadaliranso kukwera ndi kutsika kwa nyanja ya Urema, kuyambira mu 2018 kumachitika maphunziro apamwamba a zaka ziwiri, ophunzira ake akukhala m'kati mwa parkiyo. Malo ake ndi ochepa, pafupifupi 12 pa gulu lililonse. Bungwe la BIOFUND nalo linayambitsa mu 2019 ndondomeko yotumiza achinyamata omaliza maphunziro kukaphunzira ntchito kwa miyezi ingapo m'malo otetezedwa.

Sikuti onse amafunika digiri. Owerenga escala ambiri ndi anthu a m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje, odziwa kulemba manambala molondola. Afisikale, opalasa bwato ndi olondolera njira amachokeranso m'midzi yomweyo. Chimene wofuna ntchitoyi ayenera kudziwiratu n'chakuti malipiro a poyamba ndi ochepa, mapangano ambiri ndi a nthawi yochepa chifukwa amadalira thandizo la mabungwe, ndipo kumudzi amabwerako kamodzikamodzi. Atsikana alowa nawo mwa unyinji m'zaka zapitazi, makamaka ku Gorongosa, ngakhale makolo ena amachitabe mantha kutumiza mwana wamkazi ku msasa wa m'thengo.

Njati za ku Marromeu zayambanso kuchuluka chifukwa cha mtendere ndi ulonda. Kuwerenga kwa zaka zaposachedwapa kwapeza zoposa 20,000, ndipo mu 2018 mikango 24 inabweretsedwa kuchokera ku South Africa n'kumasulidwa mu Coutada 11. Koma chiwerengerochi sichinafike pa chakale, ndipo nyama zikamachuluka funso la msipu wa m'chilimwe limakula nalo.

Pakali pano kukubwera damu lina. Boma likufuna kumanga Mphanda Nkuwa, pafupifupi makilomita 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, kuti lizipanga mamegawati 1,500, ndipo mu Disembala 2023 linasaina pangano ndi gulu la makampani lotsogozedwa ndi EDF ya ku France. Damulo lisanayambe kugwira ntchito padzayenera kulembedwa malamulo a katsegulidwe ka madzi: ochuluka bwanji, mwezi uti, kwa masiku angati. Oimira magetsi adzabwera pa zokambiranazo ndi manambala a tsiku lililonse kuyambira pamene makina a ku Songo anayamba kuzungulira. Oimira dambo, asodzi ndi alimi a kuchigwa adzabwera ndi zimene zinalembedwa m'makope a ku Caia, Marromeu ndi m'matamanda a m'kati mwa reserva.